Mlomo wa Mpheta

Pakhoma la pabalaza la apongozi anga pali zithunzi za adzukulu awo onse. Wina ali mu yunifolomu ya sukulu, wina wakwera njinga ya pulasitiki, wina akulira keke ili patsogolo pake. Cha mwana wanga panalibe. Panali msomali wokha, umene apongoziwo anakhomeratu ine ndidakali ndi pakati.

Mpheta anabadwa ndi mlomo wam'mwamba wong'ambika, mpata wake kukafika m'mphuno ya kumanzere. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake chifukwa cha kaphokoso kamene ankachita poyamwa. Adokotala anati adzamusoka akalemera mokwanira, ndipo apongozi anawagwira mawu amenewo ndi manja awiri.

"Tidikire asokedwe kaye," ankatero ndikatchula za chithunzi. "Chithunzi sichiiwala, mwana wanga. Angadzatinene akakula."

Ndine munthu wamantha chibadwire, wa mtundu uja wobwerera pakhomo kukaona ngati ndakiya pomwe ndikudziwa kuti ndakiya. Chibadwire Mpheta manthawo anapeza ntchito. Ndinaphunzira kuwerenga maso a anthu. M'basi, pamzere wa kuchipatala, m'sitolo, maso ankatera pamlomo wa mwana, n'kudumpha ngati aponda khala la moto, n'kukagwera pa nsapato zanga. Ndinayamba kumufunda shawelo ngakhale kukutentha.

Ntchito ya ku koleji anandipezera ndi mnzanga woyandikana naye nyumba, amene amasesa kumeneko. Anati kalasi ya zojambula ikufuna mayi wa mwana wakhanda.

"Ntchito yake ndi yotani?"

"Kukhala."

"Kukhala n'kumatani?"

"Kukhala basi, iwe. Imene amuna athu amagwira ulele Loweruka lililonse."

Chipindacho chinali cham'mwamba, cha mazenera aatali, chonunkha penti ndi mankhwala otsukira maburashi. Pansi panali mathotho a mitundu yonse, akale ndi atsopano. Pashelefu panali mitu ya anthu youmbidwa ndi choko, ndipo umodzi, wa mwamuna wa tsitsi lopotanapotana, unali wothyoka mphuno. Ophunzira anaima mozungulira, aliyense kuseri kwa choimikira chake cha miyendo itatu, chokhala ndi nsalu yojambulapo. Pakati panali mpando wanga.

Aphunzitsi anali bambo wowonda, wa imvi m'mbali mwa mutu, wolankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa munthu. Kumbali ophunzira ankawatcha a Mazana, chifukwa sankayamba nkhani popanda kunena kuti "zaka mazana angapo zapitazo". Anandifotokozera mmene amagwirira ntchito. Sabata iliyonse ankaonetsa pakhoma, ndi pulojekita, zithunzi za nyengo imodzi ya ojambula a ku Ulaya. Akatero, ophunzira ankajambula munthu yemweyo, pampando womwewo, koma motsata kajambulidwe ka nyengoyo. Anagwada n'kulemba ndi choko mozungulira mapazi anga ndi miyendo ya mpando.

"Lamulo ndi limodzi, mayi. Ndikakuikani, musasunthe mpaka nditanena. Mukasuntha, ntchito ya anthu onsewa yawonongeka."

Ndinavomera. Kenako anati ndimuvundukule mwana.

Ndinachotsa shawelo. Burashi ya wina inagwa pansi, mwini wake osaitola. Mpheta anayang'ana anthu onsewo, n'kuseka, kuseka kwake kuja kotsegula nkhope yonse.

"Mwana wa maso okongola," anatero a Mazana.

"Eya, maso," ena anavomereza msangamsanga. Aliyense amayamba ndi maso.

Sabata yoyamba inali ya Renesansi. Pakhoma panabwera amayi oyera a m'zithunzi za m'matchalitchi a ku Italy, atafunda nsalu za buluu, ana onenepa ali pamiyendo, kumbuyo kuli timapiri tating'onoting'ono. A Mazana anati ojambula a nthawi imeneyo ankayeza chilichonse, kutalika kwa mphuno, mtunda wa pakati pa maso, pofunafuna munthu wopanda chilema. Ena ankatenga mphumi kwa mkazi uyu, khosi kwa uyo, n'kupanga mkazi amene sanabadwepo.

"Ndiye ankakwatira uti?" anafunsa mnyamata wina wachipongwe, amene sankavula chipewa chake ngakhale aphunzitsi amudzudzule. Anzake ankangomutcha Chipewa.

"Wa khosi," anayankha wina, onse n'kuseka.

Anandifundika nsalu ya buluu kumutu, n'kundiuza kuti ndiweramitse nkhope pang'ono ngati ndikupemphera. Masiku onse a sabata imeneyo ndinakhala choncho m'mawa uliwonse, msana ukuyaka. Mpheta akalira tinkapuma, ndimuyamwitse kuseri kwa kabati. Poti sindinkaloledwa kutembenuza mutu, ndinkaona ndi ngodya ya diso. Ndinaona kuti akamajambula manja anga amandiyang'ana nthawi yaitali, diso limodzi atatsinzina, burashi ataitambasula kutsogolo. Akafika pa nkhope ya mwana, mitu inkalowa kuseri kwa nsalu zawo osatulukanso.

Lachisanu anandilola kuzungulira ndione. Chithunzi choyamba, mlomo wotseka. Chachiwiri, wotseka. Onse anali atamusoka mwana wanga ndi penti.

Chabwino kuposa zonse chinali cha mtsikana wina wa magalasi aakulu, wotchedwa Magalasi ndi anzake, wosalankhulalankhula, amene aphunzitsi ankaima kumbuyo kwake kawirikawiri akugwedeza mutu. Nditafika pa chake ndinaima. Mphumi inali ya Mpheta, makutu ake, kadzanja kake kogwira chala changa. Koma pakamwa panali timilomo tiwiri tosalala, tokumana bwinobwino pakati. Poyamba ndinachikonda, ndipo ndinachiyang'ana ngati munthu wanjala pa zenera la bekale. Kenako ndinaona ngati andisinthira mwana kuchipatala.

Patapita masiku, chitauma, Magalasi anandipatsa.

"Tengani, asisi. Ndi chanu."

"Zikomo kwambiri," ndinatero. Ndinathokozadi, ndi manja awiri.

Kunyumba ndinachilowetsa kuseri kwa wadirobu. Bambo a Mpheta anachipeza akufuna lamba wawo, ndipo Lamlungu lotsatira titapita kwa apongozi ndinachipeza pa msomali uja, chili mu felemu ya golide wabodza. Azakhali a amuna anga anali ataima patsogolo pake manja ali m'chiuno.

"Koma ndiye chiphadzuwa! Anamusoka kale kodi?"

"Ayi, ndi mmene adzakhalire," anatero apongozi. "Anthu ophunzira aja amaona patali." Anatembenukira kwa ine. "Kamugoneke kuchipinda mwanayo, kuno kuli phokoso."

Mpheta sanali ndi tulo. Ndinakhala naye pabedi la apongozi, ndikumva azakhali akuitana ena kuti adzaone mdzukulu.

Pobwerera ndinawauza amuna anga tili panjira.

"Mukachichotse chija."

"Chalakwa chiyani? Amayi asangalala. Unawaona mmene amasekera?"

"Si mwana wanu uja."

"Ndi wa ndani, wa aneba? Makutu ajatu ndi anga, sungakane."

"Akadzakula adzafunsa kuti uyu ndani."

"Adzakhala atasokedwa, iwe. Adzangoti ndine. Bwanji umakonda kufukula zinthu zogona?"

Anamutenga Mpheta m'manja mwanga, n'kumupsompsona pamlomo pomwepo, monga amachitira tsiku lililonse. Amamukonda, sindinganame. Kungoti kwa amayi awo amasanduka kamwana ka sitandade wani.

Sabata ya Baroki anatseka makatani onse n'kuyatsa nyali imodzi. Zithunzi za pakhoma zinali za anthu otuluka mu mdima wa bii, kuwala kutawamenya mbali imodzi, wina akufuula, wina akugwa pa hatchi. A Mazana anati nyengo imeneyo inkafuna kuti woona agunde mtima, ndipo chida chake chinali kuwala ndi mthunzi. Anayenda ndi nyaliyo mozungulira mpando wanga. Anaiika apa, n'kuyang'ana, n'kuisuntha. Anaikweza, anaitsitsa. Ndinkatsatira mthunzi wa chibwano changa ukuyenda pa nkhope ya Mpheta, ukutsika pamphumi, ukudutsa maso, mpaka unakhala pakamwa.

"Pamenepo," anatero a Mazana. "Mwaona kukongola kwake?"

Kunali kokongoladi. Chimene chinkandipweteka n'chakuti chilichonse chimene ankachita chinkakhala chokongola.

Sabata yotsatira sitinapite, Mpheta anali ndi chifuwa. Chitapola ndinapita naye kuchipatala ku sikelo, ndipo anesi ataona kulemera kwake anaomba m'manja.

"Wakwanitsa, mtsikana wathu! Mwezi ukubwerawu alowa. Mayi, sekani, bwanji mukuoneka ngati mwataya chikwama?"

Ndinaseka kuti anesi asakhumudwe. Ndinkafuna asokedwe, ndithu ndinkafuna. Ndinkafuna mkaka usamatulukire m'mphuno, adzalankhule bwino, anzake asadzamuseke. Koma m'basi pobwerera misozi inangoyamba yokha. Nkhope imene ndinaiona koyamba atandiikira pachifuwa, imene ndinaiopa tsiku loyamba n'kuikonda tsiku lachiwiri, inali itatsala ndi masabata owerengeka. Mu foni yanga munali zithunzi zake, inde. Koma foni imangophethira. Kupatula ine ndi bambo ake, panalibe munthu amene anakhalapo pansi n'kumuyang'ana mwana wanga mpaka kumudziwa.

Lolemba a Mazana anati tafika pa Riyalizimu, ndipo anali atanditumizira uthenga kuti ndibwere ndi zovala za tsiku ndi tsiku. Ndinavala diresi yochapira ndi mapatapata. Atazimitsa magetsi, pakhoma panabwera anthu amene ndinawazindikira ngakhale anali azungu akalekale. Amuna a malaya ong'ambika akugwira ntchito mumsewu. Akazi owerama m'munda. Wochapa zovala akukwera masitepe ndi mtolo. Anthu othithikana m'sitima, aliyense ndi kutopa kwake.

"Awa," anatero a Mazana, mawu akukwera pang'ono, "anatopa ndi milungu ndi mafumu. Anati tijambula chimene chili patsogolo pathu, mmene chilili, chikome chisakome. Olemera atapita kukaona zithunzizi anakwiya. Anati mwatibweretsera litsiro m'nyumba yaulemu. Koma ojambulawo sanabwerere m'mbuyo."

Ndinamupukuta Mpheta dovu, ndinamukonza kolala.

Atayatsa magetsi, anandikhazika pampando wopanda nsalu iliyonse. Anandivulitsa patapata limodzi. Ataona zikang'a za ku chidendene changa nkhope yawo inawala.

"Taonani apa! Musabise mng'alu ngakhale umodzi. Mitsempha ya m'manjayi, thukuta la m'khosi, ulusi wotuluka pa diresiwu, zonse ndizione."

"Zidendene izi ndiye Riyalizimu yeniyeni," anatero Chipewa. "Asisi, mumayenda pa magalasi osweka?"

"Ndimayenda pa mitu ya anyamata achipongwe," ndinamuyankha, kalasi yonse n'kuphulika. Ndinali ndisanalankhulepo mokweza m'chipinda chimenecho.

"Tsopano mwana," anatero a Mazana. "Mumugoneke pachifuwa. Ayi, ayang'ane kwa inu. Nkhope ilowe m'khosi mwanumo, ngati watopa ndi ulendo. Eya. Choncho."

Ndinamugoneka. Manja anga anachita zimene anauzidwa ine ndisanaganize. Kwa ophunzira kunatsala nkhongo ya Mpheta ndi kamsana kake.

Makala ojambulira anayamba kukwecha pa nsalu. Ndinakhala ndikumva mpweya wa mwana wanga m'khosi, wofunda, ukutuluka ndi kamluzu kake. Ndinayang'ana mutu wa choko uja pashelefu. Pakhoma pafupi nawo panali mapepala a ophunzira a chaka choyamba, amene anaujambula, ndipo pa pepala lililonse mphuno yothyokayo inali pomwepo, yojambulidwa mosamala, ndi mthunzi wake womwe. Ndinaganiza za felemu ya golide. Ndinaganiza za mwezi ukubwerawo. Ndinakanikiza mapazi pansi kuti asatuluke mu choko.

Mpheta anadzuka n'kuyamba kudzikankha, akufuna aone kumene kukuchokera phokoso. Masiku onse ndikanamusisita kuti agonenso. Tsiku limenelo ndinamunyamula m'khwapa, ndinamutembenuza, n'kumukhazika pa bondo langa atayang'ana kalasi.

Makala analeka kukwecha.

"Mayi, mwasuntha," anatero a Mazana.

"Eya, ndasuntha."

"Ngati mwana watopa tipume pang'ono, kenako mubwerere mmene munalili."

"Sanatope. Ndipo sindibwerera."

Mawu anga anatuluka opyapyala ngati a mwana wa sukulu, koma anatuluka. A Mazana anabwera pafupi, anawerama, n'kulankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Ndikuchitira inu, mayi. Zithunzi izi kumapeto kwa teremu timazipachika pakhonde. Pamadutsa anthu ambiri, ndipo si onse ali ndi mtima wabwino. Sindikufuna mwana wanu akhale choloza chala."

"Zikang'a zanga zokha ndiye zikhale choloza chala?"

"Zimenezo ndi zina."

"N'zosiyana pati, aphunzitsi?"

Anapukuta magalasi awo ndi tayi. Ndikhulupirira kuti ankafunadi kundithandiza, chifukwa nkhope yawo inawala ngati munthu amene wapeza njira.

"Tamverani. Pirirani pang'ono. Sabata ya mawa ndi ya ojambula kuwala kwa panja, amene amangodontheza mitundu, nkhope sizioneka bwinobwino. Ikatha imeneyo tifika pa Kyubizimu. Kumeneko wojambula amaona munthu kutsogolo ndi m'mbali nthawi imodzi, ndiye nkhope imasweka, diso kuno, mphuno uko, pakamwa pawiri. Aliyense amatuluka wosweka. Tsiku limenelo mudzamukhazika mmene mukufuniramu, ndipo palibe adzazindikire kanthu."

Sindinanong'one ngati iwo.

"Mwana wanga sanasweke."

"Sindinatero, mayi."

"Mwati adikire tsiku limene aliyense adzakhale wosweka kuti naye aloledwe kuoneka. Chidole chanu cha pashelefu icho chilibe mphuno, koma anachijambula onse, palibe anachiumbira ina. Ine ndakhala pano mwandiveka nsalu ya buluu, mwandiika mu mdima, ndakhala chete. Lero mwanena nokha kuti chimene chili patsogolo panu. Ndi uyu ali patsogolo panuyu."

A Mazana anaweramuka. Mawu awo anauma.

"Anthu awa ajambula kale kwa nthawi yaitali. Wokhala pampando sasankha kakhalidwe, ndinakuuzani tsiku loyamba. Ngati simungathe kukhala mmene ndakuikirani, tidzapeza wina."

"Mudzapeze. Koma lero ndilipo ndine."

Ndinayang'ana kutsogolo, pa chitseko, ndikudikira kuti andiuze ndituluke. Ndinkaganiza za mnzanga wosesa uja, kuti ndamuchititsa manyazi, ndi zoti ndikawauza chiyani amuna anga. Koma manja anga anagwira Mpheta m'chiuno osamasula. Iye ankamenya bondo langa ndi chidendene, akuyang'ana uyu ndi uyu, kudabwa kuti anthu onsewa angoti duu bwanji.

Mtsikana wina anatenga chikwama chake n'kutuluka. Mnyamata wa kumapeto anapitiriza kujambula nkhongo imene sinalinso patsogolo pake. A Mazana anapita pa zenera n'kutipatsa msana.

Amene analankhula anali Magalasi.

"Asisi," anatero, mawu akunjenjemera kuposa anga, "ine sindidziwa kajambulidwe kake. Ndimaopa kuti ndikalakwitsa ndikulakwirani."

"Unandilakwira kale, mng'ono wanga. Ndinathokozanso."

Anaweramitsa mutu. Ndinaganiza kuti alira, ndipo ndinayamba kudzimvera chisoni kuti ndalankhula mopyola. Koma anatenga kansanza, n'kufufuta makala onse a pa nsalu yake, kusiya chimtambo chotuwa. Anakoka choimikira chake, miyendo ikukwekwereza pansi, mpaka anafika pafupi moti Mpheta anatambasula dzanja kufuna magalasiwo.

Anamuyang'ana. Maso ake anatera pamlomo, ndipo ndinawadikira kuti adumphe. Anaphethira, anameza malovu, koma anakhala pomwepo.

"Kofiira aka ndi usinini?"

"Eya. Umaoneka kwambiri akaseka."

"Mphuno mbali iyi ndi yophwatalala pang'ono."

"Eya."

"Ndimafuna aseke."

"Imeneyo ndi ntchito yanga," anatero Chipewa. Anabwera kuseri kwa Magalasi, n'kuvula chipewa chija koyamba chiyambire teremu. Kumutu kunali dazi loyambira pamphumi, pa mnyamata wamng'ono ngati ameneyo.

"Ambuye!" anakuwa wina. "N'chifukwa chake!"

"Jambulani msanga, anthu inu, ndikuzizidwa," anatero Chipewa, akubisa nkhope kuseri kwa chipewacho n'kutulukira. Mpheta anaseka mpaka kutsamwa, pakamwa ponse poyera, dovu likutsikira pa dzanja langa.

Ena atatu kapena anayi anafufuta zawo. Ena sanafufute, ndipo sindinawaimbe mlandu. A Mazana anakhala pa zenera nthawi yaitali. Kenako anayamba kuyenda kuseri kwa ophunzira monga mwa masiku onse, manja ali kumbuyo, osandiyang'ana. Atafika pa Magalasi anaima. Ndinaona nsagwada zawo zikugwedera, ngati munthu amene akulimbana ndi mawu. Analephera kupirira.

"Wafupikitsa," anatero. "Mpatawo sukuthera apo, ukulowa m'mphuno. Ukuuchepetsa chifukwa ukuuopa. Yang'ana mwana, usayang'ane dzanja lako."

Sanandipepese, ndipo sananene ngati ndibwerenso. M'mawa mwake ndinakwera masitepe ndikuyembekeza kupeza mayi wina pampando. Ndinapeza mpando uli wopanda munthu, Magalasi atafika kale akusakaniza penti wofiira ndi woyera pa kathabwa kake.

Chithunzicho chinatha Lachisanu. Sichinali chokongola ngati choyamba chija. Phazi langa linatuluka lalikulu ngati la mlimi, khosi langa lili ndi mizere imene sindinkadziwa kuti ndili nayo, ndipo dzanja limodzi la mwana linamukanika, linangokhala ngati kambatata. Koma pakati pake panali Mpheta akuseka, mlomo wake wonse, usinini, mphuno yopendekeka, dovu likung'anima pachibwano.

"Ndikufuna ndipite nacho lero," ndinatero.

"Sichinaume, asisi. Uyu ndi penti wa mafuta, amatenga masabata. Mukangokhudza, chawonongeka."

"Ndichigwira m'mbali."

Anayang'ana kwa aphunzitsi, poti chinkayenera kudikira pakhonde. A Mazana anali akutsuka maburashi pa sinki. Osatembenuka anati, "Ndachiona kale. Ndachonga."

Ndinamubereka Mpheta, ndinanyamula chithunzi ndi zikhatho m'mbali mwake ngati thireyi ya mazira, ndipo sindinakwere basi poopa kukhudzana ndi anthu. Ndinayenda wapansi mpaka kwa apongozi, mikono ikuwawa, ndikukuwira ana a njinga kuti apatuke.

Ndinawapeza akuyala makapu patebulo. Lachisanu masana kumabwera amayi anzawo a kwaya kudzamwa tiyi. Ndinawapatsa moni, ndinafunsa za mwendo wawo umene umawavuta. Kenako ndinatsamiritsa chithunzi changa pa mpando, ndinafika pakhoma, ndinachotsa felemu ya golide n'kuiika bwinobwino patebulo pambali pa shuga. Pamsomalipo ndinakolekapo chatsopanocho.

Apongozi anaima ndi kapu m'manja.

"N'chiyani chimenecho?"

"Ndi mdzukulu wanu, amayi."

"Chotsa. Alendo ali m'njira."

"Sindichotsa."

"Iwe, m'nyumba mwanga?"

"M'nyumba mwanu, amayi. Pakhoma la adzukulu anu."

Anaika kapu pansi mwamphamvu mpaka supuni inadumpha. Anabwera akutsimphina, dzanja lili m'mwamba.

"Penti sanaume," ndinatero. "Mukachigwira mumupaka nkhope yonse. Zala zanu zikhala pomwepo mpaka kale."

Dzanja linaima m'malere. Anafuna kuchigwira m'mbali, koma m'mbalimo munali kale zidindo za zikhatho zanga, ndipo anaona penti ali m'manja mwanga ndi pa diresi. Anayang'ana bulauzi yawo yoyera ya kwaya. Dzanja linatsika pang'onopang'ono.

Poti analibe chochita, anachiyang'ana. Anali pafupi kwambiri, mphuno yawo pafupifupi kukhudza mphuno ya mwana. Ndinaima kumbuyo kwawo ndikuwerenga khosi lawo, mapewa awo, mpweya wawo. Mpheta kumsana kwanga ankakoka tsitsi langa.

"Ukufuna anthu azinena chiyani?" anafunsa, osatembenuka.

"Azinena zimene aona."

"Mwezi wa mawa asokedwa. Zonsezi za chiyani?"

"Kuti adzadziwe kuti tinkamuona asanasokedwe."

Kenako analoza m'munsi mwa chithunzi, chala chili patali ndi penti.

"Nanga mapazi awa? Mafuta odzola anatha m'dziko muno? Mkazi wa mwana wanga kuonetsa zikang'a kwa anthu!"

"Ndidzola, amayi."

"Chiuma liti chimenechi?"

"Akuti masabata angapo."

"Chikauma ndichichotsa."

"Ndamva, amayi."

Ndinamasula nsalu, ndinamutsitsa Mpheta, n'kukhala pa sofa ya pansi pa chithunzicho. Panja panamveka mawu a amayi akuseka, nsapato zikupukutidwa pa chiguduli cha pakhomo.

"Pita naye kuchipinda," ananong'ona apongozi.

Ndinamukhazika pa bondo, nkhope yake kuloza kukhomo, n'kumupukuta chibwano.

"Odi kuno!"

Apongozi anatsegula pakamwa, koma ndinawatsogolera.

"Lowani!"